Mpata pa Ulendo: Kodi Mkhristu Akonze Bwanji Ulendo wa Tsiku Limodzi?

Ndi Lachisanu madzulo ndipo banja lina la ku Chilomoni lakhala pakhonde kukonza ulendo wa mawa. Agogo ku Matawale, mumzinda wa Zomba, akhala akudwala kwa milungu itatu, koma palibe amene wapita kukawazonda. Ulendowo si wautali. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 70 pa msewu wa M3, kudzera ku Limbe, Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Munthu amapita n'kubwerako tsiku lomwelo.

Bambo a m'nyumbamo awerengera kale zonse. "Tinyamuka 9 koloko, ndikathana ndi kasitomala wanga uja. Pofika 10 koloko tili ku Zomba. Ticheza ndi agogo maola awiri, 12 koloko tiuyamba wobwerera, 1 koloko tili kuno. Tisintha zovala, 2 koloko tili pa chinkhoswe ku Bangwe."

Mayi afunsa funso limodzi lokha: "Nanga bambo, china chake chikatichedwetsa panjira?"

"Mayi, musamaitane tsoka," ayankha bambowo. "Tipemphera tisananyamuke, Mulungu atitsogolera."

Kodi mwa awiriwa, ndani walankhula ngati Mkhristu? Poyamba zingaoneke ngati ndi bambo, popeza ali ndi dongosolo komanso atchula dzina la Mulungu. Koma dongosolo lawolo likusowa chinthu chimodzi, chimene ndi mpata. Ora lililonse ladzaza ndipo palibe mphindi yotsala. Zimenezi zimaoneka ngati nkhani ya luso la kayendedwe chabe, koma ndi nkhani ya chikumbumtima. Zambiri zimene munthu adzachite pamsewu, zabwino kapena zoipa, amakhala atazisankha kale dzulo lake ali pakhonde.

Kukonzekera si kukayikira Mulungu

Akhristu ena amaona ngati kuganizira zovuta za panjira n'kuchepa chikhulupiriro. Amakumbukira kuti pa Mateyu 6 Ambuye Yesu amaletsa ophunzira awo kudera nkhawa za mawa. Zimenezo n'zoona, koma nkhawa ndi kukonzekera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nkhawa imasowetsa munthu tulo popanda chimene yasintha, pamene kukonzekera kumamutuma kukayang'ana matayala kenako n'kukagona mwamtendere. Ambuye omwewo, pa Luka 14, amapereka chitsanzo cha munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera ngati ndalama zake zikwanire. Pa Mateyu 25, anamwali asanu amatchedwa ochenjera chifukwa ananyamula mafuta apadera. Sankadziwa kuti mkwati achedwa, koma ankadziwa kuti kuchedwa kumachitika.

Mpingo umaitcha nzeru yotereyi limodzi mwa makhalidwe anayi akuluakulu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1806, amaiyerekeza ndi woyendetsa ngolo amene amawongolera makhalidwe ena onse abwino. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti mbali yaikulu ya nzeru imeneyi ndi kuona patali, kuti zochita za lero zigwirizane ndi kumene munthu akufuna kukafika.

Choncho pemphero la paulendo ndi labwino, ndipo banja lachikhristu lisamalisiye. Koma pemphero silipopa tayala. Munthu amene akudziwa kuti mabuleki ake akulira, tayala lapadera ndi lophwa, nyali imodzi yakutsogolo ndi yakufa, koma akupachika korona pagalasi n'kunena kuti Mulungu ateteza, akuchita zimene Yesu anakana pamene Satana anamuuza kuti adziponye pansi kuchoka pamwamba pa Nyumba ya Mulungu. Kumeneko n'kuyesa Mulungu.

Tchimo la pamsewu limayambira kunyumba

Tsopano Loweruka lija lafika. Kasitomala wachedwa ndi mphindi 20. Pamalo omwetsera mafuta pali mzere. Mu Limbe magalimoto athithikana monga mwa masiku onse. Kupitirira pang'ono, kutsogolo kuli lole yonyamula miyala imene ikukwera chitunda mwa kachetechete. Pa zonsezi palibe chachilendo, koma dongosolo la bambo lija linalibe malo a chilichonse mwa izo. Nthawi yotayikayo iyenera kubwezedwa penapake, ndipo malo okhawo otsala ndi pamsewu.

Apa ndi pamene munthu wabwino, wosaphonya Misa, wa udindo mu mphakati, amayamba kuchita zimene iye mwini angadzudzule ataona wina akuchita. Amapitirira lole pokhota, osaona chimene chikubwera. Amadutsa pa Thondwe tsiku la msika ngati palibe anthu. Amaimbira hutala mayi wa kabaza mpaka kumugwetsera m'ngalande. Amayankha foni ya a ku chinkhoswe dzanja lina lili pa chiwongolero. Apolisi apamsewu akamuimitsa, maganizo a chiphuphu amamubwerera msanga, poti chilungamo chimafuna nthawi imene iye alibe. Sanadzuke m'mawa ndi cholinga chochita zimenezi. Anangolemba dongosolo limene silikanatheka popanda zimenezi.

Kodi liwirolo limapulumutsa nthawi yochuluka bwanji? Masamu ake ndi osavuta. Makilomita 70 pa liwiro la makilomita 80 pa ola amatenga mphindi 52 ndi theka. Pa liwiro la 100 amatenga mphindi 42. Kusiyana kwake ndi mphindi 10 zokha, ndiponso n'zongowerengera papepala, chifukwa palibe amene angayende pa liwiro limodzi msewu wonsewo.

Mtengo wa mphindi 10 zimenezo ndi uwu. Mwana akatulukira mwadzidzidzi mumsewu, dalaivala amatenga pafupifupi sekondi imodzi asanaponde buleki. Mu sekondi imeneyo galimoto ya pa 80 imayenda mamita 22, ya pa 100 imayenda mamita 28. Buleki itagwira, pa phula louma ndi matayala abwino, yoyambayo imafuna mamita ena pafupifupi 32, yachiwiriyo pafupifupi 50. Ndiye kuti pamalo pamene galimoto yoyamba yaima osamukhudza mwanayo, yachiwiri ikufikapo ikadali pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo masamu akuwavomereza.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Ambiri mwa ofawo sanali m'galimoto. Sanafunsidwe maganizo pamene dongosolo la ulendo linkakonzedwa, ndipo sanapindule kanthu ndi mphindi zopulumutsidwazo.

N'chifukwa chake Katekisimu amaika nkhaniyi pansi pa lamulo lachisanu, loletsa kupha. Ndime 2290 imaphunzitsa kuti ali ndi mlandu waukulu anthu amene, chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro, amaika pachiswe moyo wawo ndi wa anzawo pamsewu, panyanja kapena mumlengalenga. Mlanduwo sudikira kuti ngozi ichitike, chifukwa kuika moyo pachiswe n'kulakwa kale. Mu 2007 likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsanso chikalata chapadera chokhudza khalidwe la anthu pamsewu, chokhala ndi malamulo khumi a oyendetsa magalimoto. Komabe ndi angati amene, podziyesa mumtima asanalowe kolapa, amakumbukira mmene anayendetsera galimoto sabata imeneyo?

Zimene Msamariya ananyamula

Kusapweteka anthu ndi theka chabe la udindo wa Mkhristu. Theka lina likupezeka pa Luka 10, m'fanizo limene nalonso ndi la ulendo wa tsiku limodzi pakati pa mizinda iwiri. Kuchoka ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko ndi makilomita pafupifupi 27, ndipo msewu wake umatsetsereka mamita pafupifupi 1,000 kudutsa m'chipululu momwe achifwamba ankabisala. Wansembe ndi Mlevi anamuona munthu wovulalayo, koma anamulambalala. Luka sanena chifukwa chake. Amangosonyeza kuti kudziwa malamulo a Mulungu sikunawaimitse.

Mu 1973 akatswiri awiri a maphunziro a khalidwe la anthu, John Darley ndi Daniel Batson, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa sukulu ya zaubusa ya Princeton ku America. Ophunzira ankatumidwa mmodzimmodzi kukalankhula m'nyumba ina, ndipo ena mwa iwo mutu wawo unali fanizo lomweli la Msamariya wachifundo. Ena anauzidwa kuti achedwa kale, ena anauzidwa kuti nthawi ilipo. Panjira panali munthu wogwa, akubuula ndi kutsokomola. Mwa amene anali ndi nthawi, 63 pa 100 alionse anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, anathandiza ndi 10 okha pa 100. Mutu umene munthu ankakalankhula sunasinthe zambiri. Chimene chinasiyanitsa anthuwo ndi changu.

Phunziro lake ndi lowawa kwa anthu opemphera. Munthu atha kukhala ndi mtima wabwino koma dongosolo lake n'kumutseka maso. Wochedwa amamuona wovutika ngati chopinga, mwinanso samuona n'komwe.

Nanga Msamariya? Kawirikawiri ulaliki umatsindika chifundo chake, ndipo n'zoyenera. Koma ndi bwino kuonanso katundu wake. Anali ndi mafuta ndi vinyo zotsukira mabala. Anali ndi chomangira mabalawo. Anali ndi bulu, ndipo analolera kutsikapo kuti wovulala akwere. Anali ndi ndalama ziwiri zasiliva zopatsa mwini nyumba ya alendo, ndipo malinga ndi Mateyu 20, imodzi inali malipiro a ntchito ya tsiku lonse. Koposa zonse anali ndi nthawi, chifukwa anagona komweko n'kulonjeza kuti adzadzeranso pobwerera. Chifundo chinamugwira panjira, koma zipangizo za chifundocho anazinyamula asananyamuke. Wansembe ndi Mlevi mwina anafika pa nthawi yake. Msamariya anafika mawa lake, koma ndiye amene Ambuye anamupereka kukhala chitsanzo.

Choncho mpata ndi malo amene woyenda amasiyira munthu amene sanakumane naye. Ndi ola limodzi losalembedwa kanthu, kandalama kosawerengeredwa m'mafuta, botolo la madzi, nsalu yoyera, foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi, mwinanso mpando umodzi wosadzaza katundu. Masiku ambiri zinthu zimenezi zimabwerera kunyumba osagwira ntchito. Sizinawonongeke, monga momwe mafuta apadera a anamwali aja sakanawonongeka mkwati akanafika msanga.

Mafunso oyenera kuyankhidwa

Wina anganene kuti kuima pamsewu masiku ano n'koopsa. Pali anthu amene amanamizira vuto kuti abere woima, ndipo pali malo amene khamu lokwiya silifunsa kuti wagunda ndani, wothandiza ndani. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo Mpingo suuza mayi woyenda yekha usiku kuti aime pathengo. Nzeru ija imagwiranso ntchito apa. Kuthandiza kuli ndi njira zambiri: kuima pamalo pamene pali anthu, kuimbira apolisi kapena chipatala, kuchenjeza magalimoto obwera, kukadziwitsa a pa malo azamalonda apafupi. Koma njira zonsezi zimafuna mphindi zingapo, ndipo amene alibe mpata alibe ngakhale imodzi mwa izo. Ndiponso munthu ayenera kudzifunsa moona ngati chomwe chamudutsitsa ndi mantha enieni kapena ndi chinkhoswe cha 2 koloko chovala malaya a mantha. Kuyenda kukuwala kumachepetsa zoopsa zambiri. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo chiperoni chimabisa msewu, kotero wofuna kubwerera bwino anyamuke ku Zomba dzuwa likadali pamwamba.

Wina anganene kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu a magalimoto, pamene Akhristu ambiri a m'parishi amayenda pa minibasi. Koma wokwera naye amakonza ulendo. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo imaima paliponse pamene pali wokwera kapena wotsika. Zimenezi aliyense amazidziwa. Amene wafika pa depoti mochedwa ndiye amayamba kukalipira dalaivala kuti athamange, ndiye amalolera kupanikizana anthu opitirira muyeso poopa kudikira ina, ndiyenso amakhala chete dalaivala akamayendetsa mosasamala chifukwa liwirolo likumukomera. Amene walawirira ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti, "Adalaivala, chepetsaniko liwiro, muli ana muno," ngakhalenso wotsika n'kudikira ina. Eni minibasi nawonso ali ndi gawo lawo. Amene amalamula dalaivala kubweretsa ndalama zimene sizingapezeke popanda kuthamanga ndi kudzaza mopitirira, akonza ulendo wopanda mpata umene woyenda wake ndi munthu wina.

Funso lovuta kwambiri ndi la anthu amene nthawi si yawo. Wantchito amene wapatsidwa tsiku limodzi lokha lokaika maliro, kapena mayi wa geni amene kutseka benchi tsiku lonse ndiye kuti ana agona ndi njala, sangasiye mpata waukulu. Ameneyu asaweruzidwe ndi muyeso wa munthu wa galimoto yakeyake. Koma umphawi wake ukuika udindo pa ena. Bwana amene amapatsa wantchito chilolezo chokayika maliro ku Zomba n'kumuuza kuti pofika masana akhale atabwera, akumukankhira m'galimoto iliyonse yothamanga imene angapeze. Amene ali ndi mpata wambiri ayenera kugawirako amene alibe, ndipo njira imodzi n'kungofunsa mu mphakati ngati pali wina amene akulowera komweko.

Agogo aja

Pali munthu wina amene dongosolo lopanda mpata limamulakwira ngakhale ulendo utayenda popanda ngozi. Ndi agogo a ku Matawale. Adikira milungu itatu. Alendo afika mochedwa, apereka shuga ndi sopo, ndipo asanakhazikike bambo ayamba kale kuyang'ana wotchi. Nsima ikadali pamoto iwo akutsanzika. Wodwala amazindikira msanga ngati anthu abwera kudzamuona kapena kudzachotsa mlandu. Mwina agogo anali ndi mawu amene amafuna kunena, a za munda, a za mkangano wakale wa m'banja, kapena a za kufuna kuti wansembe abwere ndi Mafuta Oyera. Mawu otere satuluka mu mphindi zoyambirira. Amatuluka mbale zitachotsedwa, anthu atakhala phee.

Kuzonda odwala ndi imodzi mwa ntchito zachifundo, ndipo ulendowo unakonzedwa chifukwa cha iyo. Koma dongosolo likapanikizika, chimene chimadulidwa ndi cholinga chenicheni cha ulendowo. Munthu wopanga ndondomeko ayenera kuyamba ndi funso loti ulendowu ndi wa yani, kenako zina zonse zipatuke. Tsiku limodzi silinganyamule kasitomala, agogo ndi chinkhoswe mofanana. Chimodzi chiyenera kusiyidwa, ndipo kusiya kumawawa, poti a ku Bangwe adzadandaula. Koma ndi bwino kupepesa kwa anthu amoyo pa chinkhoswe kusiyana ndi kukapepesa pa siwa ya mwana wa eni ake.

Kalata ya Yakobe, pa mutu 4, imadzudzula amalonda amene amalankhula za maulendo awo a mawa ngati kuti mawalo lili m'thumba mwawo, ndipo imawakumbutsa kuti zonse zimadalira kufuna kwa Ambuye. M'Malawi mawu oti "Mulungu akalola" ali pakamwa pa aliyense. Koma n'zotheka kuwanena ndi pakamwa pamene dongosolo likuwakana. Ndondomeko imene mphindi iliyonse yagawidwa kale ikunena kuti mwini wake ndiye mwini tsiku, ndipo msewu, nyengo ndi anthu ena onse ayenera kumumvera. Ndondomeko yokhala ndi mpata ikuvomereza kuti tsikulo ndi la Mulungu, ndipo Iye atha kuikamo zimene woyenda sanalembe: tayala lophulika, mlendo wosowa thandizo pa Namadzi, kapena agogo ofuna kucheza mpaka 3 koloko.

Funso la mayi lija, choncho, silinali kuitana tsoka. Likanamveka, dongosolo likanasintha mosavuta. Kasitomala akanauzidwa kuti abwere Lolemba. Mafuta akanathiridwa Lachisanu lomwelo, matayala, mabuleki, nyali ndi mapepala a galimoto n'kuonedwa kukuwala. Banja likananyamuka 7 koloko, onse atamanga malamba, n'kuwerengera ola limodzi ndi theka m'malo mwa ola limodzi. Mphatso ya ku chinkhoswe ikanaperekedwa kwa mlamu pamodzi ndi uthenga wopepesa. Ndipo pemphero la pakhomo likananenedwa modekha, lopempherera a m'galimotomo komanso akabaza, ana asukulu ndi amayi a pamsika amene banjalo likumane nawo panjira.

Loweruka likubwerali mabanja ambiri a m'parishi muno adzakhala pamsewu, ena wa ku Zomba, ena wa ku Mulanje, ena wa ku Mwanza. Lachisanu madzulo, powerengera mafuta ndi maola, pali funso limodzi loyenera kuwonjezera: ngati wina atafuna ola limodzi la tsiku limeneli, kodi lipezeka?